Kuseri kwa Makabati a Galasi

Pa 22 Januwale 1981 m'boma la Machinga munagwa mwala wochokera kuthambo, wolemera makilogalamu 93, ndipo mwala umenewo lero uli ku Chichiri mumzinda wa Blantyre, m'nyumba yosungiramo zinthu zakale imene ambiri amangoti ku Myuziyamu. Ana a sukulu akafika ndi aphunzitsi awo amauunjirira, nauyang'ana mwamantha ngati kuti ukali wotentha. Koma munthu akaupenya ndi maso okha, osawerenga kapepala kamene kali pambali pake, kudzamuvuta kunena chimene chiusiyanitsa ndi miyala ina yoderako imene ili mbwee m'mitsinje yathu. Ulemu wake wonse uchokera pa ichi, chakuti panali anthu amene analemba tsiku limene unagwa, nalemba malo, nauyesa pa sikelo, nausunga pamodzi ndi mbiri yake kufikira lero lino. Zolembedwazo zitatayika, ukanatsala mwala woti wapaulendo akhalirepo popumula.

Mlendo amene alowa pakhomo lalikulu, nayenda pakati pa makabati a galasi, natulukira pabwalo kukaona sitima zakale za pamtunda zimene zinaimikidwa pamenepo, amabwerera kwawo ali ndi mtima wakuti waona nyumba yonse. Komatu m'nyumba iliyonse ya mtundu umenewu muli chitseko china chimene sichitsegukira alendo, ndipo kuseri kwa chitsekocho ndiko kuli chuma chochuluka, ndi ntchito yochuluka koposa. Ku British Museum mumzinda wa London kuli zinthu pafupifupi 8 miliyoni, koma zoikidwa poonekera ndi 80,000 chabe, ndiko kunena kuti chimodzi pa zana lililonse. Zotsalazo zigona m'mashelefu ndi m'mabokosi, mumdima, ndipo alipo anthu amene atha moyo wawo wonse akuziwerenga, kuzipukuta ndi kuzilondera. Za anthu amenewa, amene maina awo saoneka pa chikwangwani chilichonse, ndi za kumene ntchito yawo inachokera, ndizo ndifuna kufotokoza.

Tisayese kuti kusunga zinthu za mtundu wa anthu kunabwera ndi sitima za pamadzi. Ku Msinja, m'tsinde mwa mapiri a Dzalanyama, kumene kunali kachisi wamkulu wa mvula wa Makewana, kunali ng'oma yopatulika yotchedwa Mbiriwiri, imene akuluakulu amati inalandidwa kwa Akafula. Ndipo ng'omayo sinali yogwira aliyense, pakuti inali ndi woiyang'anira wake, amene udindo wake unkatchedwa Tsang'oma. Iyeyu ndiye ankadziwa nyengo yoiimba, malo oigoneka, ndi mwambo woyenera kutsata poitulutsa, ndipo akamwalira, chidziwitso chonsecho chinkatsalira wolowa m'malo mwake. Kodi ameneyu sanali msungi wa zakale, monga amene tili nawo lero? Buku lake linali mutu wake, ndipo loko wa chitseko chake anali mantha amene anthu anali nawo pa zinthu za mizimu.

Komabe panali kusiyana kumodzi kumene tiyenera kukulingalira mofatsa. Makolo athu sanalimbane ndi kuwola kwa zinthu monga achitira osunga a masiku ano. Kachisi wa Mbona ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, ndi wa mitengo ndi udzu, ndipo akakalamba Amang'anja amasonkhana nammanganso motsata mwambo. Chimene asunga kwa mibadwo yonseyi si mitengoyo ayi, koma kamangidwe kake, ndi mawu oyenera kunena, ndi kudziwa kuti ntchito iyi ndi ya uje, iyo ndi ya uje. Njira imeneyi inali yanzeru m'dziko la chiswe ndi mvula yambiri, koma inali ndi choopsa chake, pakuti nkhondo, mliri kapena njala zikasesa akuluakulu a mudzi umodzi, monga zinachitikira ku Msinja pamene Angoni anafika m'zaka za m'ma 1800, zambiri zinkapita nawo kumanda. Nyumba ya zakale ya Azungu inabwera ndi maganizo otembenuza zimenezi: inati chinthu chenichenicho chisawole, chikhale zaka mazana. Ndipo apa ndipo panabadwa vuto limene osunga alimbana nalo kufikira lero, lakuti chinthu chikhoza kupulumuka pamene mbiri yake yafa.

Za ku Ulaya ndinena mwachidule. Sing'anga wina wolemera, Hans Sloane, pomwalira mu 1753 anasiya zinthu zoposa 71,000 zimene anasonkhanitsa kuchokera m'maiko ambiri, pamodzi ndi mabuku amene analembamo mndandanda wake. Boma la Britain linazitenga, ndipo mu 1759 British Museum inatsegulidwa. Maufumu a ku Ulaya atafalikira, nyumba zotere zinasanduka nkhokwe zazikulu zimene zinkalandira zokolola za m'minda ya eni ake. Mu June 1921, ku mgodi wa Broken Hill, kumene lero ndi ku Kabwe m'dziko la Zambia, okumba anapeza chigaza cha munthu wamakedzana, chimene akatswiri a masiku ano amati chili ndi zaka pafupifupi 300,000. Chinatumizidwa ku London, ndipo chili komweko mpaka pano, ngakhale Zambia yakhala ikuchipempha kwa zaka zambiri, kotero kuti mwana wa ku Kabwe akafuna kuona kholo lakelo m'dziko la kwawo amaona chifanizo chake chokha. Chimodzimodzinso kuno: mafupa a chilombo chachikulu chamakedzana amene Frank Dixey, katswiri wa miyala wa boma la Nyasaland, anatola ku Mwakasyunguti m'boma la Karonga, anapita ku South Africa, kumene Sidney Haughton anawafotokoza mu 1928. Mtima umawawa pokumbukira izi. Komanso kunena chilungamo, pa nthawiyo m'dziko muno munalibe ngakhale chipinda chimodzi chokonzedwa kulandira zinthu zotere, ndipo wopanda nkhokwe chimanga chake chimagona kwa mnansi.

Anzathu a ku Northern Rhodesia anatitsogolera, pakuti nyumba yawo ya ku Livingstone inayamba mu 1934, ndipo J. Desmond Clark, amene anaiyang'anira zaka zoposa makumi awiri kufikira 1961, anaikuza kufikira inatchuka kutali. Kuno kwathu nkhaniyi inayendetsedwa makamaka ndi bungwe la Nyasaland Society, lokhazikitsidwa mu 1946, limene lero litchedwa Society of Malawi. Lamulo lokhazikitsa nyumba ya zakale linaperekedwa mu 1957. Mu 1960 zitseko zinatsegulidwa m'nyumba ina yakale ya kampani ya African Lakes ku Mandala. Ndipo mu 1966 Dr. Hastings Kamuzu Banda anatsegula nyumba yatsopano ya ku Chichiri, yomangidwa ndi ndalama za boma pamodzi ndi thandizo la Beit Trust. Pambuyo pake panaphuka nthambi: ya za panyanja ku Mangochi, ya ku Mzuzu, ndi kanyumba ka Mtengatenga ku Namaka, kokumbutsa amuna aja amene ankayenda pansi ndi matumba a makalata.

Mmodzi wa osunga oyamba a nyumbayi anali Peter Hanney, munthu amene mtima wake unali pa mbewa, ndipo zimene anafufuza pa mbewa za m'dziko lino zinasindikizidwa mu 1965. Wina akhoza kudabwa kuti munthu wophunzira n'kuwolokera nyanja chifukwa cha kanyama kamene anyamata amakumba m'tchire nthawi ya chilimwe. Koma m'mabokosi a tinyama totere ndimo muonekera bwino mtima wa ntchito yonseyi. Kanyama kalikonse kamasendedwa mosamala, chikopa chake n'kuumitsidwa, chigaza chake n'kuikidwa m'kabotolo kakekake, ndipo kumwendo kwake amamangako kapepala konena tsiku, malo, utali wa thupi ndi wa mchira. Patapita zaka makumi asanu, tchire lija litasanduka munda kapena midadada ya nyumba, kapepalako kamakhala mboni yokhayo yakuti kanyama kotere kankakhala pamenepo. Ndipo ine ndimaona kuti kapepala kotere kamakhala kosakwanira ngati pali dzina la Chilatini lokha, popanda lija limene mlenje wa m'mudzimo anatchula. Pakuti anthu amene amasiyanitsa kapuku, mende, bwampini ndi sakhwi popanda buku anali akatswiri Mzungu asanafike.

Tsono tiyeni titsate chinthu chimodzi kuyambira tsiku limene chichoka m'manja mwa mwini wake. Tinene kuti ndi mtsuko, ndipo mayi wokalamba wavomera kuupereka. Msungi wodziwa ntchito yake sathamangira kuukulunga m'nsanza. Amayamba wakhala pansi pamphasa, nafunsa mwaulemu: Gogo, mtsuko umenewu anaumba ndani? Mtapo ankakatenga kudambo liti? Mumautcha chiyani kuno, pakuti chimene kwina achitcha nkhali kwina chili ndi dzina lina? Munkatungira madzi, kapena munkasungiramo thobwa? Nanga mizere iyi ya m'khosi ili ndi tanthauzo, kapena ndi yokometsera chabe? Mafunso otere amadya tsiku lathunthu, ndipo gogoyo amayamba wasimba za njala ya 1949 ndi za ukwati wa mng'ono wake asanafike pa mtsukowo. Koma wofulumira pamenepa wataya zonse, popeza mtsuko udzakhalapo zaka mazana awiri, pamene gogoyo mwina dzinja likudzali salifika. Safunsa anadya phula, ndipo m'nyumba zambiri za zakale padziko lapansi muli mashelefu odzaza ndi zinthu zimene pakapepala pake pangolembedwa dzina la dziko lokha, chifukwa wotola sanaone chifukwa chofunsira dzina la mmisiri.

Mtsukowo ukafika, ulowa mu kaundula. Ili ndi buku lalikulu losokedwa, losathothoka masamba, lolembedwa ndi inki yosafufutika, ndipo cholakwa sachifafaniza koma amangochidula ndi mzere umodzi kuti wobwera m'mbuyo aone chimene chinasinthidwa. M'menemo chinthu chimalandira nambala yake, imene m'nyumba zambiri ili ndi zigawo zitatu: mwachitsanzo 1974.6.2 itanthauza chinthu chachiwiri cha m'gulu lachisanu ndi chimodzi lolandiridwa m'chaka cha 1974. Nambalayo ilembedwanso pa mtsuko penipeni, kunsi kumene diso la mlendo silifika, ndipo kalembedwe kake n'kokoma kuona: msungi amapaka kadontho ka vanishi woyera, nadikira kuti kaume, nalemba timanambala tating'onoting'ono ndi kacholembera kosongoka, napakanso vanishi pamwamba, kuti inki isalowe m'dothi, ndi kuti tsiku lina ngati kufunika zonse zichotsedwe osasiya chipsera. Pa nsalu kapena pa nyanda salembapo, koma amasokerera kansalu kena kokhala ndi nambalayo. Kuyambira tsiku limenelo, mtsukowo ukasuntha kuchoka pa shelefu ina kupita pa ina, ngakhale m'chipinda chomwecho, kusunthako kuyenera kulembedwa, chifukwa chinthu choikidwa posayenera pakati pa zinzake zikwi khumi chili ngati chotayika m'nyanja.

Adani a msungi m'dziko lotentha ngati lathu ndi ambiri, ndipo sagona. Njenjete ndi dzimbiri, zimene Malembo anazitchula kalekale monga zowononga chuma cha pansi pano, zikalipo. Ndipo pamwamba pa izo pali chiswe chimene chimakwera ndi khoma usiku umodzi, anankafumbwe amene amadya mtondo kapena mpini m'kati n'kusiya khungu lokha, mphemvu, makoswe, ndi chuku chimene chimamera pa zikopa mvula ikakhazikika mu Januwale ndi Febuluwale. Msungi amadzuka m'mawa nayenda ndi tochi m'mizere ya mashelefu, akuyang'ana pansi pa chinthu chilichonse chamtengo ngati pali kaufa kosalala, pakuti kaufako ndiko kalata ya nankafumbwe. Chinthu chatsopano sachisakaniza ndi zinzake msangamsanga. Amachipatula kaye, ndipo kumene kuli zipangizo amachikulunga m'pulasitiki nachiika mu firiji yozizira madigiri 20 pansi pa ziro kwa sabata kapena kuposerapo, kuti tizilombo ndi mazira ake zife, ngakhale ng'oma yokungidwa amaiopera kuzizira kotere kuti chikopa chingang'ambike. Chinyezi cha mumpweya amafuna chikhale cha pakatikati, osakwera ndi kutsika modzidzimutsa, chifukwa mtengo umafufuma ndi kunyala mpaka kung'aluka. Kuwala nakonso ndi mdani, pakuti kumasuwitsa nsalu ndi nthenga, ndipo mtundu ukasuwa subwereranso. Koma mdani woposa onsewa ndi dzanja la munthu: ndicho chifukwa chake wophunzira ntchitoyi amauzidwa tsiku loyamba kuti mtsuko saunyamula pakamwa, dengu saligwira m'mphepete, ndipo asananyamule kanthu ayambe wakonza poti akakaike.

Pali zinthu zina zimene kaundula ndi vanishi sizikwanira kuzisunga bwino. Ku Mua, m'boma la Dedza, wansembe wa ku Canada Claude Boucher, amene anthu a kumeneko anampatsa mfunda wa Chisale, anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, ndipo m'nyumba ya zakale ya Chamare ya pamalopo muli nkhope za Gule Wamkulu zoposa 400, iliyonse ndi dzina lake ndi mwambi wake. Ntchito imeneyo inatheka chifukwa cha zaka zambiri za kukhala pansi ndi eni mwambo. Gule, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 monga chuma cha anthu onse, ali ndi zake za poyera ndi zake za kudambwe. Ndipo msungi amene alandira chinthu chotere ayenera kudziwa kuti walandira chinthu cha eni ake, chimene chili ndi malamulo akale kuposa a nyumba yake. Ndani ayenera kuchigwira? Ndi mawu ati oyenera kulembedwa pakapepala kowerenga aliyense, ndi ati oyenera kutsala m'kamwa mwa akuluakulu? Mafunso amenewa sayankhidwa mu ofesi. Pano msungi wa lero akomana ndi Tsang'oma uja, ndipo achita bwino akamvera.

Ku Karonga nkhani ya mafupa inatembenuka bwino. Akatswiri atabwerera ku Mwakasyunguti nakumbanso, chilombo chija chinapatsidwa dzina latsopano mu 1993, Malawisaurus, ndipo mmodzi wa amene anachitcha anali mwana wa dziko lino, Elizabeth Gomani. Mu 1991, ku Uraha m'boma lomwelo, gulu la Friedemann Schrenk ndi Timothy Bromage linapeza nsagwada ya munthu wamakedzana ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, ndipo taonani, m'mabuku a maiko onse nsagwada imeneyo idziwika ndi nambala yake ya mu kaundula, UR 501. Mu 2004 nyumba ya zakale ya ku Karonga inatsegulidwa, ndipo ana a kumeneko tsopano amaimirira pansi pa chifanizo cha mafupa a chilombocho m'dziko la kwawo.

Asaganize wina kuti nyumba zazikulu za maiko olemera zinathana nazo nkhawa zonsezi. Usiku wa pa 2 Sepitembala 2018 moto unagwira nyumba ya zakale ya dziko la Brazil mumzinda wa Rio de Janeiro, imene inali ndi zinthu pafupifupi 20 miliyoni, ndipo zambiri zinasanduka phulusa, pamodzi ndi mawu ojambulidwa a zilankhulo zina za eni dziko zimene olankhula ake anatha kale. Mu Ogasiti 2023 British Museum inaulula kuti zinthu zake pafupifupi 2,000 zinabedwa, kusowa kapena kuwonongeka, ndipo mkulu wake, Hartwig Fischer, anatula pansi udindo. Chimene chinapweteka koposa n'chakuti zambiri mwa izo sizinalembedwe mokwanira kapena kujambulidwa, kotero kuti ngakhale kuzizindikira pamsika kunali kovuta. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Lero kaundula akusamukira mu kompyuta, chinthu chilichonse ndi chithunzi chake, ndipo izi n'zabwino ndithu, makamaka pamene zolembedwazo zisungidwanso kumalo ena kutali ndi nyumbayo. Koma ine ndikadapempha kuti buku losokedwa lija lisatayidwe, popeza silidalira magetsi, ndipo dzanja la amene analemba likali kuoneka m'menemo.

Ndinalowapo kamodzi kuseri kwa chitseko chotere, m'nyumba ina imene dzina lake silifunika pano, ndipo anandiyendetsa ndi bambo wina wa imvi amene anatsala pang'ono kupuma pa ntchito. M'chipindamo munali fungo la mankhwala a njenjete ndi la udzu wouma. Titafika pakona anaima, navundukula nsalu yoyera, ndipo pansi pake panali ng'oma yaitali, yosemedwa bwino, ya chikopa chodetsedwa ndi manja a anthu amene anaiimba zaka zambiri. Kapepala kake kanali kakali komangidwa ndi ulusi, koma tizilombo tinakadya, n'kutsala manambala awiri okha a kumapeto. Anandiuza kuti amene anailandira anamwalira kale, ndipo mu kaundula wa zaka zimenezo munali ng'oma zambiri zolembedwa mwachidule; choncho iye anakhala miyezi ingapo akuyesa ng'oma iliyonse ya m'chipindamo ndi tepi, utali ndi kukula kwa pakamwa, nafananiza ndi zolembedwa, nachotsa imodziimodzi.

"Zanditsalira zitatu, bambo," anatero. "Ziwiri ndi za kuchigwa, imodzi ya kumapiri. Mwezi wamawa ndikupita kumaliro kumudzi, ndipo chithunzi chake ndachiika kale m'chikwama. Alipo akuluakulu kumeneko amene akaona kakhomedwe ka zikhomozi adzandiuza kwawo kwa mmisiri."

Ndinamufunsa ngati nthawi idzamukwanira asanapume. Sanayankhe msanga. Anatulutsa pensulo m'thumba la malaya, nalemba tsiku la tsikulo pa khadi limene linali pa shelefu, nabwezera nsalu ija pa ng'omayo ndi manja awiri, nakonza m'mphepete mwake kuti fumbi lisalowe. Ndipo tinapitirira ku mzere wa madengu.